Chitsime Chimene Chinakwiriridwa

Panali mlimi wina wa tomato amene ankafuna kukumba chitsime m'dambo, chifukwa mtsinje unali utaphwa ndipo mbande zake zinayamba kufota. Anaona malo awiri, patsinde pa mkuyu ndi pafupi ndi chulu. Madzi a pansi saoneka. Anasinkhasinkha masiku atatu, n'kusankha pamkuyu. Pachulu paja panatengedwa ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

Onse anayamba kukumba Lolemba. Tsono apa ndi pamene pamandidabwitsa ine. Njira ya kudimba inkadutsa pachulu, koma kuyambira tsiku limenelo mlimi uja anayamba kuzungulira kumanda, njira yaitali ndi yaminga. Mkazi wake atamufunsa, anati akuwongola miyendo. Zoona zake n'zakuti ankaopa kukapeza mlamu wake akutunga madzi pamalo amene iye anawakana. Kusadziwa kunkamukomera kuposa kunong'oneza bondo.

Anakumba masabata awiri. Anadutsa mchenga, anadutsa miyala, n'kufika pa dongo lakuda louma gwa, loti khasu linkangonjanja.

Mkazi wake anasuzumira m'dzenjemo n'kunena kuti, "Bambo a Mwatitha, bwanji osapita kukaona kwa achimwene? Mwina dongoli nawonso analipeza."

"Ndikaoneko chiyani? Akandiseke?"

Anatuluka, n'kulikwirira dzenje lonse tsiku lomwelo. Anauza anthu kuti akuopa mbuzi zingagweremo. Mbande zinauma zonse, ndipo chaka chimenecho sanakolole tomato ngakhale mmodzi.

Patapita mwezi, awiriwo anakumana pamaliro, pamalo oti munthu sungathawe mnzako. Mlamu uja anafotokoza kuti nayenso anakumana ndi dongo lomwelo, mpaka anatsala pang'ono kusiya. Atakumbanso mkono umodzi wokha, madzi anatumphuka. Anati dongolo linayala dambo lonse, ndipo madzi amakhala pansi pake.

"Ndinkakudikirani tsiku lililonse kuti mudutse ndikuuzeni, alamu. Nditaona zii, ndinkayesa mwawapeza kale."

Mlimi uja anangowerama. Ine ndimamumvera chisoni, chifukwa sanali waulesi, komanso malo sanasankhe olakwika.

Akulu amati safunsa anadya phula, koma sanatiuze chimene chinamuletsa kufunsa. Ine ndikuganiza kuti sikuti nthawi zonse kumakhala kudzikuza. Munthu ukasankha chinthu usakudziwa mathero ake, mtima umayamba kulondera chisankhocho, ndipo aliyense wobwera ndi nkhani umamuona ngati wakuba. Inu amene mukundimvera, alipo pano analemba mayeso koma zotsatira sakukaziona. Alipo anayezetsa kuchipatala koma sanabwerereko. Yankho likhoza kukuwawani, inde. Likhozanso kukuuzani kuti mwatsala ndi mkono umodzi. Pitani mukalimve musanayambe kukwirira.