Revisão ya Chala Chimodzi

Ndayenda ndi malole kuchokera ku Beira mpaka ku Lubumbashi, ndipo akatswiri ndawaona amitundumitundu, koma wofanana ndi a Felizardo a ku Ntengo-Wambalame sindinamupezepo.

Mbatatesi zitawayanja, bambowa anagula kagalimoto ka lole koyera. Tsiku lina kanyale kachikasu kooneka ngati sipanala kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Anapita kwa Evaristo, mekaniko wa pamsika, yemwe anati kanyaleko n'kokumbutsa kuti nthawi ya revisão, sevisi ya galimoto, yakwana. Evaristo ali pansi pa galimoto, akukhetsa oliyo wakuda ndi kusintha sefa yake, a Felizardo anali kuseri pa bawo. Anabwera ntchito ikutha, n'kuona Evaristo akudina kabatani, akupotokola kiyi. Kanyale thii.

"Basi revisão yake ndi imeneyi?" anatero a Felizardo chamumtima. Ananyamuka akumwetulira ngati munthu wotola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Kuyambira pamenepo, kanyale kakayaka, chala pa batani. Akazi awo, mayi Doroteia, anafunsa kuti, "Bambo a Nélia, kodi mwana akamalira njala, mumamutseka pakamwa?"

"Inu zanu ndi nyemba. Za injini tisiyireni ife."

Evaristo akawaimitsa pamsewu kuti, "Akulu, fumbi la kuno limadya sefa msanga, bwerani nayo," iwo ankangomuonetsa chala cha mkombaphala m'mwamba, n'kudutsa.

Ndiye linafika tsiku la ukwati wa Nélia, mwana wawo mmodzi yekha. A Felizardo anali atalengeza kale kuti mkwatibwi akatsikira pakhomo la tchalitchi m'galimoto ya bambo ake, apongozi ochokera ku Furancungo aone okha kuti akwatira pa banja lotani. Galimoto inavala maluwa ndi nsalu. Ali pa chitunda popita ku tchalitchiko, kunayaka nyale ina, yofiira, ya kachitini kodontha oliyo. Nyale imeneyo ndi ya "ima pomwepo", ndipo aliyense amene wadya fumbi la msewu ngati ine amaidziwa.

A Felizardo anadina batani. Sinazime. Anadinanso ndi chala chachikulu.

"Ababa, kukununkha," anatero Nélia.

"Ndi perefyumu wakoyo."

Injini inagogoda ngati mlendo pakhomo, kenaka zii.

Chimene chinatulukira pa njirayo ndi ngolo ya mlimi mnzawo, a Yakobe, yochokera kokatula manyowa. Mkwatibwi anakwera momwemo atakwinya diresi m'manja, ndipo anafika pa tchalitchi kwaya itabwereza nyimbo zake zonse. Apongozi a ku Furancungo anaonadi okha.

Madzulo Evaristo anatsegula injini, n'kutapa oliyo wolimba ngati phula. Anauika pa chala cha a Felizardo chomwe chija.

"Dinani apa, akulu, mwina idzuka."

Mayi Doroteia anaseka mpaka duku kugwa. Paja akale anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.