Mwala wa Amidu

M'masiku a atsamunda, pamene kutcheza kachasu kunali mlandu wopita nawo kundende, Che Twaliki, telala wotchuka wa ku Mangochi, anafika kwa Shehe Sumani nkhope ili gwa. Anali munthu wosamala dzina kuposa mkanjo wake woyera. Anapeza Shehe akusesa okha pakhomo pa mzikiti.

Mng'ono wake Amidu, amene ankaitana anthu ku mapemphero a swala, anali kundende ku Zomba. Apolisi anapeza mtsuko ndi mpaipi wotchezera kuseri kwa nyumba yake, ndipo kukhoti iye sanayankhe kanthu.

"Shehe, ndikukachita apilo kukhoti lalikulu," anatero Che Twaliki atapereka salamu. "Tipitire limodzi, mukanene kuti Amidu sadziwa ngakhale fungo la mowa. Ine ndikatchula mwini mtsukowo."

"Mwini wake ndani, Che Twaliki?"

"Mlongo wathu Asiyatu, wamasiye uja."

"Wa khanda kumsana uja?"

"Yemweyo. Akalowe yekha kundendeko. Ine manyazi andikwana, anthu akundiloza chala pamsika."

"Nanga Amidu mwamufunsa?"

"Akukana. Akuti khandalo likayamwa chiyani."

Shehe anatsamiritsa tsache kukhoma, namutengera pamwala waukulu umene Amidu ankakwerapo poitana azana. Unali wosesedwa bwino. Apa mpamene Che Twaliki anakumbukira kuti chimangidwire Amidu, nkhalambayi inkaitana yokha ndi mawu ake onjenjemera, itaima pansi, pambali pa mwalawo. Iye ankayesa kuti Shehe sakwera pamwalapo chifukwa cha mawondo. Mantha anamugwira, ndipo anavula nsapato osauzidwa.

"Mowa ndi haramu," anatero Shehe mofatsa. "Asiyatu ndinamudzudzula, ndipo analira, nasiya. Ku apilo ndipita, ndikanene zoona, kuti Amidu sanatchezepo kachasu. Koma dzina limene iye wabisa ndi thupi lake, ine sindingaliulule ndi lilime langa."

"Ndiye Amidu akangokana umboni wanuwo, Shehe. Adzatuluka ndi dzina la mkaidi. Adzaimanso bwanji pamaso pa anthu?"

"Adzaima pamwala pakepa. Inu mukupempha khoti kuti limuyeretse, mwana wanga. Ine ndikupempha Allah kuti pa tsiku la chiweruzo andilole kuima pafupi ndi Amidu."