Dziwe Limene Gaudencio Anabisa

Pa doko lathu pali mwambo umene palibe anaulemba. M'mawa uliwonse, khofi akadali m'manja, mwini bwato aliyense amatchula kumene akupita ndi alendo ake. Sikuti anthu amakonda kuululirana nsomba, ayi. Gombe lathu ndi la tinjira tamadzi tokhotakhota m'kati mwa mitengo yomera m'nyanja, ndipo injini ikakufera kumeneko, anzako ayenera kudziwa koyambira kukufuna.

Gaudencio Canul anakulira pa dokopo. Anali katswiri wotsogolera alendo odzawedza ndi mbedza zovekedwa nthenga, aja amene amayenda ulendo wautali kuti agwire nsomba, aijambule, n'kuibwezeranso m'madzi. Maso ake ankaona mthunzi wa nsomba pamchenga pamene ena akuona madzi okhaokha. Chilema chake chinali chimodzi: akatola kanthu ankakafumbata mpaka zala kuchita dzanzi.

Chaka china anatulukira dziwe. Analowa kanjira kothina, kooneka ngati kosapita kulikonse, ndipo kumapeto kwake anakapeza madzi oyera, osaya, odzaza makabi, sabalo ndi palometa. Mlendo akagwira nsomba zitatuzi dzuwa limodzi amakusimba kwawo mpaka imfa. Kuyambira pamenepo Gaudencio anayamba bodza. Pa doko ankati akupita kumwera, akazimiririka n'kukhotera kumpoto, wailesi ya m'bwato atazimitsa. Ngakhale mlamu wake Nicanor, amene ankayenda naye m'bwato limodzi monga timachitira awiriawiri, anayamba kumusiya kumtunda, ati apumitse msana.

"Msanawu mwini wake ndine, alamu," anatero Nicanor m'mawa wina akumasula chingwe. "Kapena mwapeza kachibwenzi m'mitengomu? Ndikauza mlongo wanga."

"Kauzeni. Ndi pakamwa panupo, nkhani imafika kumsika inu musanatsike m'bwato."

Anthu anaseka. Nicanor anayang'ana mitambo n'kumuchenjeza kuti mphepo ya mpoto ikubwera, koma Gaudencio anangogwedeza dzanja n'kutchula kumwera monga mwa masiku onse.

Mlendo wake tsikulo anali Mayi Thelma a ku Canada, amasiye a imvi, amene ankabwera chaka ndi chaka koma palometa anali asanamugwirepo. Dziwe linawakomera mtima. Makabi anagwidwa dzuwa lisanakwere, sabalo analumpha n'kugonja masana. Apo n'kuti mpoto utayamba, ndipo mpoto ukawomba umakankhira madzi kunja kwa maiwe ngati munthu akukhuthula beseni. Gaudencio anaona mizu ya mitengo ikutuluka, koma anaonanso mchira wakuda wa palometa ukutukuka potero. Anati iyi yokha, tikatero tizipita. Anakankha bwato mwakachetechete ndi ndodo yake yaitali, mayi aja anaponya mbedza yawo ya nthenga yooneka ngati kankhanu, ndipo nsomba inameza. Pamene ankaibweza m'madzi, mayiwo misozi ili mbwembwembwe, bwato linali litakhala pamatope.

Mwana aliyense kwathu kuno amadziwa kuti m'matope sunyamula phazi, umalikhwekhwereza, kuti raya, nsomba yaphanthi ya mbola kumchira, imve n'kuthawa. Gaudencio ndi phuma lake anadumpha ngati akutsika pakhonde. Mbola inamung'amba pamwamba pa kakolo, magazi n'kuyamba kutuluka ngati pampopi. Mayi Thelma anamukokera m'bwato, anamanga balalo ndi nsalu yawo ya pakhosi, anayesa kukankha bwato, koma silinasunthe. Ndiye anayatsa wailesi n'kumuika m'manja.

Amene amamudziwa Gaudencio sadabwa kumva kuti anayamba waganiza kaye. Wailesi ya mabwato si yonong'onezana, ukalankhula gombe lonse limamva. Anakhala ataigwira, milomo itauma, magazi akudzaza pansi pa bwato.

"Bambo Gaudencio," anatero mayi aja, "nsomba ija ine ndagwira. Ndikawauze akazi anu kuti mwafera chiyani?"

Gaudencio anaitana. Anayankha ndi Nicanor, pa wailesi ya pa doko, ndipo atangomva za raya anati akunyamuka kupita kumwera pompo.

"Sindili kumwera, alamu."

Kenaka Gaudencio anafotokoza njira yonse, pokhotera paliponse, mtengo wouma wolowera, bwato lililonse likumva.

Anzake onse anabwera. Anasiya nsomba zili m'maso, anapepesa alendo awo, mabwato n'kusonkhana pakamwa pa kanjira kaja. Madzi anali ataphweratu, choncho anatsika n'kulowa wapansi, matope m'chiuno, mapazi akukhwekhwereza. Patsogolo panali Belisario, amene Gaudencio sankamupatsa moni chikanganirane nkhani ya alendo. Iyeyo ndiye anasenza chidebe cha madzi otentha, pakuti ululu wa raya umamvera kutentha kokha. Anamugoneka Gaudencio pa thabwa la m'bwato n'kumunyamula pamapewa mosinthana. Nicanor anabereka Mayi Thelma kumsana, njira yonse akung'ung'udza kuti uwu ndi msana uja ankati ukufunika kupuma. Kuchipatala adokotala anati akanachedwa pang'ono, tikanakamba zina.

Gaudencio anagona masabata angapo mwendo uli m'mwamba. Anzake anagawana alendo ake kuti asathawire kwina, ndipo pakhomo sipankasowa nsomba ndi nkhanu zimene ankasiyira mkazi wake Herminia osalowa n'komwe m'nyumba. Iye ankathokoza ndithu, koma munthu sasintha ndi bala limodzi. Akatseka maso ankaona mabwato atathithikana m'dziwe lake, injini zikulira, nsomba zikubalalika. Ankaopa kufunsa, ndipo Herminia, amene anali asanamukhululukire bodza lija, sankamuuza kanthu.

Tsiku limene anatha kuyenda, anatsikira ku doko ndi ndodo. Anamulandira ndi chipongwe, wina akumufunsa ngati raya uja anapepesa. Atakhala pansi anafunsa, ngati nkhani yongodutsa, kuti nsomba zikugwidwa bwanji kudziwe kuja.

"Tidziwa bwanji?" anatero Nicanor. "Palibe wapitako."

Gaudencio anayang'ana nkhope imodziimodzi, kuyesa akumunyogodola. Belisario, osatukula maso pa mbedza imene ankaveka nthenga, ndiye anamumasulira. Anati anakhala pansi onse n'kugwirizana kuti malo amene munthu waulula magazi akutuluka sanakupatse, ndipo kulowamo iye ali chigonere kukanakhala kumubera wodwala.

"Njira ija ife tinaiona ndi mawondo, achimwene," anatero. "Ya bwato mudzationetsa nokha, mukadzafuna."

Gaudencio, bambo wamkulu wa ndevu zake, analira pamaso pa doko lonse, akugwira dzanja la Belisario ndi manja awiri, n'kumangoti zikomo, zikomo abale anga. Anali atabisa dziwe poopa kuti anzake amudyera, ndipo anzake omwewo ndiwo anamubwezera moyo, dziwe n'kumusungiranso. Akuluakulu sananame: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.