Madzi Amene Anabwera Kopanda Mvula

Ana inu, mawu ena amene timangowalankhula lero anagulidwa ndi misozi. Mverani za anthu awiri a kumunsi kwa mapiri a Dedza.

Chimwaza ndi mlamu wake Lufeyo ankakonda njinga kuposa china chilichonse. Chaka china, atapatsidwa tchuthi kuntchito, anamanga zikwama pakaliyala n'kuyamba ulendo wongoona dziko. Anapalasa kulowa m'Zambia, anatsikira ku Mozambique, mpaka anasamba madzi a Zambezi ku Tete. Pobwerera anadindisa mapasipoti pachipata cha Dedza, n'kutsetsereka mapiri nkhope zitada ndi dzuwa, matayala atadzaza zigamba.

Unangotsala mtsinje umodzi, ndipo kutsidya kwake kunali kwawo. Mtsinjewo unali wouma, mchenga wokhawokha, wotambalala ngati bwalo la mpira. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Atafika m'mbali mwa mtsinjewo, Lufeyo anatsika panjinga n'kuima chilili. Kunali zii. Njiwa sizinkalira, ngakhale nyenje zimene zimasokosa masana zinali chete. Nyerere zinkakwera mitengo zitasenza mazira awo. Pamchengapo panali chitsime chokumba ndi manja, ndowa ndi chikho zili pomwepo, mwini wake osaoneka. Kenako kunadutsa kamphepo kozizira, konunkhira dothi lonyowa.

"Alamu, thupi langa lachita tsemwe," anatero Lufeyo. "Tiyeni tizungulire kumlatho."

Chimwaza anaseka. "Kumlatho? Tadutsa mayiko, ndiye tiope mchenga wa kwathu? Taonani utsi uwo, ukuchokera pakhomo panga."

Anayamba kukankha njinga mumchenga, Lufeyo akutsatira monyinyirika. Ali pakati, anaona anthu atasonkhana kutsidya, onse akukupiza manja. Patsogolo pawo panali Nangondo, mkazi wa Chimwaza, akugwedeza chitenje m'mwamba. Milomo yawo inkayenda, koma mawu sankafika, ngati kuti mphepo inkawameza.

"Mwaona? Abwera kudzatichingamira!" anatero Chimwaza. Anaima pomwepo, ananyamula njinga yake pamwamba pa mutu n'kufuula kuti, "Ndafika! Ndadala ine!"

Apo m'pamene Lufeyo anamva mchenga ukunjenjemera kumapazi. Chakumtunda kunkamveka kulira ngati kwa chigayo chakutali. Anazindikira kuti anthu aja sankawalandira, ankawauza kuti athawe.

"Alamu, tayani njinga!"

Pokhota mtsinje panatulukira madzi ofiira, otalika kuposa munthu, atasenza mitengo ndi miyala. Mvula inali itagwa kumapiri, kumene maso awo sankafika. Lufeyo anaponya njinga yake n'kukwera mkuyu umene unamera pakachilumba pakati pa mtsinjewo. Atacheuka, anaona mlamu wake akuthamanga, njinga ikadali paphewa. Atacheukanso kachiwiri, panalibe munthu.

Mphepo inatembenuka, ndipo mawu a kutsidya anayamba kumveka. Nangondo ankalira. Ena, poona Lufeyo ali mumtengo, anafuula kuti, "Wadala, Lufeyo! Wapulumuka!"

Koma iye ankamva mkuyu ukugwedezeka, mizu ikuduka umodziumodzi pansi pa madzi. Anayankha ndi mawu osasa, "Musatero, abale anga! Lindani madzi apite!"

Anakakamira panthambi mpaka dzuwa litapendeka. Madzi ataphwera, amuna anamuwolotsa ndi chingwe. Mkuyu uja unagwa m'mawa mwake.

Chimwaza sanapezeke. Njinga yake yokha ndi imene inapezeka kutali kumunsi, itaima chilili mumchenga ngati wina waiimika bwinobwino. Abusa a ng'ombe a kumeneko amati masana opanda mtambo, kukakhala zii, belu lake limamveka likulira. Akalimva amatulutsa ng'ombe mumtsinje osafunsana.

Kuyambira pamenepo anthu amati: "Linda madzi apite, ndiye uziti ndadala." Tanthauzo lake n'lakuti usadzitame chinthu chisanathe. Kuona denga la kwanu si kufika. Wophunzira asavine mayeso asanatuluke, mlimi asawerenge nkhokwe chimanga chili m'munda. Ngozi zambiri zimadikira pafupi ndi kwathu, pamene mtima wafika kale koma miyendo ikadali mumtsinje.