Mboni Imodzi ya Sajeni Kamtedza

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, papolisi ina panali Sajeni Kamtedza. Ankakhala m'nyumba ya boma kumalaini a apolisi ndi mkazi wake ndi ana anayi. Kwawo analibe munda, analibe ngakhale kakhumbi.

Tsiku lina anatsekera m'chitolokosi mayi wina, Nagama, pa mlandu wogulitsa makala. Khanda lake linatsala pabenchi m'manja mwa mlamu wake, likulira mpaka mawu kusasa. Amene munayamwitsapo mukudziwa, mwana akalira bere limayankha lokha. Bulauzi ya Nagama inanyowa yonse.

Mkulu wa papolisipo anasuzumira pakhomo. "Sajeni, mutulutseni ayamwitse, tatopa nalo phokosoli."

Anangonena pakamwa, m'buku sanalembe. Sajeni anatsegula, n'kupita kukayankha foni. Pobwera anapeza benchi yokha. Nagama anali atadutsa pageti, mwana kumbuyo.

Mkulu uja anakana kuti sananene kanthu. Analamula kalata: pofika Lachisanu, Sajeni atule yunifolomu ndi makiyi a nyumba. Koma mlembi wa muofesimo, Mayi Chimpeni, anabweza chidindo m'dirowa.

"Bwana, munthu sachotsedwa asanamvedwe. Sindidinda."

"Chabwino," anatero mkuluyo. "Lachinayi kubwera akuluakulu a kulikulu. Mphindi khumi, mboni imodzi. Tione."

Lachitatu masana Sajeni anali khale pakhonde, mkazi wake akumanga ziwiya m'matumba osadziwa kopita nazo.

Anabwera Konstabo Zuze, amene ankayenera kukhala pageti tsiku lija. "Achimwene, ndinachokapo, ndinakagula chipisi. Ndiitaneni ndikanene. Akandichotse ine." Zuze ndiye ankasamala amayi ake akhungu, m'nyumba ina ya boma kumalaini komweko.

Anabwera Mayi Chimpeni, atafunda chitenje kumutu kuti asaoneke. "Mwana wanga, mawu a bwana ndinawamva ndi makutu angawa. Ndiitane." Kunali kutatsala miyezi isanu kuti apume pantchito, ndipo onse ankadziwa kuti akatsutsa bwana pamaso pa alendo, Khirisimasi sadzaidyera muofesimo.

Dzuwa litapendeka anatulukira Nagama, khanda kumbuyo, mapazi otupa ndi ulendo. Anagwada pafumbi. "Bambo, ndamva kuti akukuthamangitsani chifukwa cha ine. Ndabwera. Nanenso bwana uja ndinamumva." Tsopano mlandu wake sunalinso wa makala okha, unali wothawa m'manja mwa boma. Akangolowa m'chipinda cha akuluakulu aja, sadzatulukira pageti.

Mkazi wa Sajeni anaponya mpoto pansi. "Bambo a Tiyese, mukuganizanso chiyani? Tolanipo mmodzi! Anawa akagona pamsika?"

"Nditole uti, mayi?"

"Ine ndidziwa? Chifundo chanucho ndi chimene chatifikitsa pano!"

Atatero anayang'ana khanda la Nagama, lomwe linali litayamba kufunafuna bere, n'kuwerama kutola mpoto uja.

M'mawa mwake mkazi wa Sajeni anasita yunifolomu, n'kumuperekeza mwamuna wake mpaka pakhomo la ofesi. Atatu aja anali kale pabenchi, aliyense akudikira kumva dzina lake. Wa kulikulu anatsegula chitseko.

"Sajeni Kamtedza, mboni yanu ndani?"

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, ndiuzeni. Aitane Zuze, aitane Mayi Chimpeni, aitane Nagama, kapena alowe yekha ndi mawu ake opanda mboni, ana anayi akumudikira kunyumba?