Gwedezani Mbewa, a Nguluwe

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli netiweki itangofika kuthengo. Senderani kuno ana inu. Nanunso akuluakulu musanamizire kuwodzera, makutu anuwo ndikuwaona.

Nyama za ku dambo la Mtayamakasu zinali ndi munda umodzi wa chinangwa, ndipo zinkaulima pa dima. Kukangocha, Nyani pa ng'oma, mbi! mbi! mbi! Aliyense khasu paphewa. Njovu kutsogolo, Mbawala pambuyo, fumbi koboo! Dzuwa likafika paliwombo, mtsuko wa thobwa unkadikira pansi pa mkuyu. Woyambitsa nyimbo anali Kapuku, kambewa kochepetsetsa pa mbewa zonse. Khasu sankalitha, koma mawu! Akakwera pachitsa n'kuyamba, ngakhale Kamba ankalima mothamanga. Masiku amenewo, ana inu, ndi matuza a m'manja omwe ankakoma.

Kenaka Kangaude anabwera kuchokera kutauni, komwe anaphunzira kupanga mapulogalamu a pakompyuta. Miyendo yonse pamabatani, tcheke tcheke tcheke.

“Abale, ng'oma n'zachikale,” anatero Kangaude. “Ndakupangirani pulogalamu yogwirira ntchito limodzi. Ndaitcha Dima yomweyo kuti musadandaule.”

Tisanamizane, chinthucho chinali chothandiza. Ntchito zonse zinkalembedwa pabolodi limodzi, aliyense n'kumaziona ali kwawo. Ukaifuna ntchito, unkangolemba pansi pake kuti “Ndichita ine,” dzina lako n'kukhala pomwepo. Mbawala wa kutsidya analeka kuyenda mtunda kudzafunsa za mbewu. Pambali pa dzina lililonse panali kadontho: ukakhala pantchito, kobiriwira, ukachoka, kotuwa.

Koma ng'oma ija inadyedwa ndi chiswe. Mumtsuko muja munaikira nkhanga. Aliyense ankalima ndime yake payekha, chete. Kapuku anatsala ndi nyimbo zake m'mimba, akumapita yekha pansi pa mkuyu kukaziimbira masamba.

Tsono panali Nguluwe, wamimba yosamva kuti “basi.” Pabolodi patangotuluka ntchito ya ulonda wa chinangwa, anauza mkazi wake amulembere msanga kuti “Ndichita ine,” poti iye sukulu anaisiyira pa a e i o u. Anamumangira chisakasa m'mbali mwa munda, namuikira kompyuta pa kathebulo kogwedera.

Vuto linali kadontho. Akangotuluka kukalawa chinangwa, kadontho zii. Anaimbira foni Kangaude.

“Aise Kangaude, chinthu chakochi n'chakufa. Ndikangophethira, kadontho kazima.”

“Si kufa kumeneko, a Nguluwe. Ingogwedezani mbewa, kayaka.”

“Mbewa?”

“Eya, mbewa. Pepani, ndili pamsonkhano wina.” Foni thi!

Mbewa imene Kangaude ankanena inali pathebulo pomwepo, kanthu kakuda ka chingwe kolozera zinthu pakompyuta. Koma Nguluwe anali atakalumako kale, n'kupeza kuti n'kosakoma. Mbewa yomwe iye ankaidziwa ndi ya ndevu. Ndiye posuzumira panja, uyo Kapuku akudutsa, kanyimbo ka dima kali pakamwa.

Gwi!

“Mayo! A Nguluwe, ndalakwanji?”

“Khala chete, ndili pantchito.”

Anamugwira mchira n'kumugwedeza pamwamba pa thebulo, gwede gwede gwede. Thebulo nalo gwede gwede. Kanthu kakuda kaja kanasuntha pang'ono, kadontho ng'anii!

“Ha! Sayansi!” anakuwa Nguluwe.

Anatenga waya wautali wa msampha, namangirira mwendo wa Kapuku kumwendo wa thebulo. “Kuyambira lero uzidzigwedeza wekha. Kadonthoka kakazima, ndikuponda. Loweruka, tsiku lokumba chinangwa, ndidzakumasula.”

“Zikomo bwana.”

“Ndidzakumasula ndikuike pa kamtengo, kamchere, katsabola. Chinangwa chopanda ndiwo chimatsamwitsa.”

Atatero anapita m'munda, fukuu fukuu, kudya chomwe ankalondacho.

Limenelo linali Lachitatu. Kapuku analuma waya, mano gwe, waya osamva. Analira pang'ono. Kenaka pogwedezekagwedezeka anagunda kanthu kakuda kaja ndi mphuno, naona kuti kadontho kamamvera iko, osati iye. Anayang'ana kanthuko, kanthuko n'kukhala ngati kakumuyang'ananso. “Mbale wanga,” anatero, “tonse atimangirira.”

Anadumphira pamabatani, chilembo chimodzi chimodzi, nalemba: “Thandizeni, ndamangidwa, Loweruka andiwotcha.” Uthenga unapita, koma unapita m'dzina la mwini kompyuta.

Nyani anayankha ndi kankhope koseka: “A Nguluwe nthabwala!” Njovu anatumiza kachithunzi ka chala chachikulu, chikhalirecho chala alibe. Kangaude analemba kuti: “Dandaulo lanu talilandira, tiliona sabata yamawa.” Palibe anabwera.

Kapuku anakhala pansi, dzanja patsaya. Kale ukangokuwa kumunda, makasu onse ankaima. Lero kulira kwako amakuyankha ndi chala. Nanga chimene chingadzutse nyama pamphasa n'chiyani? Apo m'pamene anayang'ana bolodi lija, ntchito zili ndandanda. Ndevu zake zinayamba kuvina.

Kuzula zitsa kumunsi kwa munda. Tcheke tcheke: “Ndichita ine.”

Kukonza mlatho wopita kwa Mbawala. “Ndichita ine.”

Kukumba chimbudzi cha a Njovu, chakuya mikono khumi. “Ndichita ine.”

Kupalira ndime za aliyense. “Ndichita ine, musavutike abale anga, pofika Lachisanu masana zonse zatha. Amene akhudze khasu wandinyoza.”

Kuthengo konse kunali chisangalalo. Zala zachikulu mbwee! Mbawala analemba kuti a Nguluwe atembenuka mtima. Nyama zonse zinapachika makasu, miyendo tambalale. Nguluwe akabwera mimba ili nganganga, ankangoyang'ana kadontho. “Kobiriwira. Ukugwira bwino ntchito, ndiwo yanga.”

Lachisanu masana, Mbawala pofuna kuwoloka, mlatho thyoo! Iye m'madzi phava! Njovu, amene anadzisunga masiku awiri kudikira chimbudzi chatsopano, anapeza pamalopo pali udzu wokhawokha. Ana inu, musamuone Njovu wotero. Nthaka inanjenjemera. Nyama zonse, kwa nthawi yoyamba chiyambire pulogalamu, zinatuluka m'makomo ndi miyendo yawo, ulendo wa kuchisakasa.

Nguluwe atamva mgugu anathamangira mkati, nakhala pampando, Kapuku n'kumuvindikira ndi dengu.

“Chimbudzi changa chili kuti?” anabangula Njovu.

“Chimbudzi chanji, akulu?”

Kangaude anamuwerengera bolodi lonse. “Ndichita ine. Ndichita ine. Ndichita ine. Dzina lanu ili, nthawi yake iyi.”

“Bodza! Ine sindinalembe!”

“Kadontho kanu kanali kobiriwira kuyambira Lachitatu,” anatero Kangaude. “Ndiye kuti munali pompano. Ngati munali pompano, mwalemba ndinu.”

“Sindinali pano!”

“Oho,” anatero Nyani, akuyang'ana maenje m'munda ndi dothi pamphuno ya mlonda. “Nanga munali kuti?”

Nguluwe anayang'ana Njovu. Anayang'ana munda. Akati ndinalipo, chimbudzi cha mikono khumi. Akati kunalibe, chinangwa. Thukuta kamukamu. Mapeto ake anakankha dengu. “Wolemba ndi uyu! Mbewa imene unandiuza kuti ndizigwedeza, Kangaude!”

Kapuku anaimirira, waya uli kumwendo, naomba m'manja mwaulemu. “Ndinalemba kuti ndamangidwa, akuluakulu. A Njovu, chala chanu ndinachilandira, zikomo.”

Njovu anagwetsa makutu. Anadula waya uja, twa! Kangaude anatola kanthu kakuda kaja kuti afotokoze, koma Nyani anali atagwa kale pansi ndi phwete.

Mlandu sunatalike. Zolembedwa m'dzina lako n'zako. Nguluwe anauzidwa kuti ayambe ndi chimbudzi. Khasu anakanizidwa, poti ananena yekha kuti wokhudza khasu wamunyoza.

Koma chinangwa chotsala chinafunika kukumbidwa, ndipo nyama zonse zinali kale pamodzi. Zinayang'anana mwamanyazi ngati apongozi okumana panjira. Nyani anagubuduza ndowa n'kuiimba ngati ng'oma, mbi! mbi! Kapuku anakwera pachitsa, akutsimphina, nayambitsa nyimbo ija. Mawu anali atachita dzimbiri pang'ono, koma Kamba anathamanga. Kuyambira pamenepo bolodi linatsala lolembapo ntchito, koma Loweruka lililonse kompyuta zinkatsekedwa, mtsuko n'kubwerera pansi pa mkuyu.

Mpaka lero mukamuona Nguluwe akufukula nthaka ndi mphuno, musamusokoneze, sanamalize zomwe analonjeza. Ndipo inu malume apo, amene mumasiyira mwana foni kuti azikuyankhirani pagulu la kuntchito, funsani bwino zomwe mwavomera.

Nthano yanga yagona pamenepa. Kaphuleni chinangwa pamotopo. Chapserera? Chidyeni chomwecho, mlonda wake anali Nguluwe.