Mafupa a pa Nankhwazi

Pali funso limene ophunzira miyambi ayenera kulisinkhasinkha mosamala. Makolo athu pofuna kufanizira chibale anali ndi zinthu zokoma zambiri zoti asankhepo, monga uchi, mthunzi kapena mkaka wa mayi. Nanga n'chifukwa chiyani anasankha fupa, chinthu chouma gwa, chimene ngakhale galu amachisiya akatopa nacho? Yankho lake lili m'nkhani ya Yotamu Kalimanjira, mkulu wa mpingo wa m'mudzi wa Dzanjo.

Mpingo wa pa Dzanjo unali umodzi kufikira chaka chimene mtsinje wa Nankhwazi unasefukira n'kugwetsa khoma la tchalitchi. Mabanja ambiri anasamukira kumtunda, ulendo wa theka la tsiku, ndipo ananyamula belu ponena kuti belu limatsata anthu. Otsala kudambo anati belu limatsata manda a makolo amene analipachika. Wotsogolera osamukawo anali Fanuwelo Dzimbiri, mlongo wa malemu mkazi wa Yotamu. Kuyambira pamenepo akudambo ankaitanira mapemphero pomenya khasu lakutha lopachikidwa pamtengo, ndipo kulira kwake kogonthako kunkaputa mkwiyo wa Yotamu Lamulungu lililonse.

Chaka chotsatira, Elida, mwana yekhayo wa Yotamu, anamwalira ndi malungo. Apa m'pamene tiyenera kumvetsa mwambo. Mwana samaikidwa m'manda malume ake asanauzidwe, pakuti malume ndiye mwini mbumba. Yotamu ankadziwa zimenezi bwino lomwe, koma anati, "Anthu oba belu asapondepo pamaliro a mwana wanga." Sanatumize mthenga. Fanuwelo anamva patapita masiku atatu, ndipo analumbira kuti sadzaonananso ndi munthu woika mwana wa mlongo wake ngati nkhuku. Yotamu naye ankati, "Belu likanakhala pano, bwenzi kumtunda konse atamva." Kwa zaka zisanu ndi ziwiri magulu awiriwa ankaimba nyimbo zofanana, kupemphera kwa Mulungu mmodzi, koma akakumana pamsika ankatembenuzirana nkhongo.

Ndiye mtsinje unabweranso, nthawi iyi ndi ukali woposa kale. Unasiya khwawa lake, unadula pakati pa manda, ndipo madzi ataphwera mafupa anali mbwee pamchenga, kuyambira pamanda mpaka pokhotera mtsinje. Manda a Elida ndi a mayi ake anali atakokoloka. Amuna amphamvu otsala kudambo anali asanu ndi mmodzi okha, agalu anali atayamba kale kuzungulira, ndipo mitambo inali ikusonkhananso. Mvula ina ikanagwa, zonse zikanapita ndi madzi.

M'mawa, Yotamu anaima pamchengapo, nkhope itachita bii. Sanagwade. Anakweza mawu ngati munthu wodzudzula mnzake pabwalo. "Inu Mulungu, munanditengera mkazi, ndinakhala chete. Munatenga mwana, ndinapirira. Tsopano ngakhale mafupa awo mukuwapereka kwa agalu? Chikondi chanu chimene ndakhala ndikulalikira chili kuti? Ngati mulipo, ndipatseni manja!"

Dzuwa litafika pamutu kunamveka kulira kumene iye anali asanakumve kwa zaka zisanu ndi zitatu. Linali belu, litanyamulidwa pamtengo ndi amuna anayi, ndipo pambuyo pake pankabwera khamu la akumtunda amene anali atamva za mandawo, amuna ndi makasu, amayi ndi mphasa ndi nsalu. Fanuwelo anali patsogolo.

Magazi a Yotamu anawira. Anaima panjira atatambasula manja.

"Mwadzaona chiyani? Mwadzatiseka?"

"Patukani, alamu," anayankha Fanuwelo. "Mlongo wanga ali pamchengapo."

"Lero mwakumbuka kuti muli ndi mlongo? Mwana wake anaikidwa ndi kulira kwa khasu, inu mukusangalala ndi belu lakuba!"

"Khasu munalisankha nokha! Munaika mbumba yanga mobisa ngati mfiti, ndiye mukundilozanso chala? Mkulu wa mpingo wanji wosadziwa khomo la malume?"

Anthu anangoti kukamwa yasa.

"Chabwino," anatero Yotamu. "Tolani anu okha. Akufa akudambo musawakhudze ndi manja anuwo."

Fanuwelo anatenga nsalu kwa mayi wina, anawerama, anatola fupa la mkono limene linali pafupi ndi phazi lake, ndipo analiika m'manja mwa Yotamu.

"Inu ndinu odziwa kusiyanitsa, alamu. Ili ndi lakudambo kapena lakumtunda? Nenani msanga, mvula ikubwera. Ngati ndi lanu, nyamulani. Ngati ndi lathu, litayeni pansi."

Yotamu anakweza dzanja kuti aliponye kutali, koma dzanjalo linauma m'mwamba. Fupalo linali laling'ono ndi lopepuka. Likanatha kukhala la mwana wa munthu wina wakumtunda, woikidwa mpingo usanagawikane. Likanathanso kukhala la Elida. Analitembenuza uku ndi uku kufuna chizindikiro, koma panalibe. Mnofu wonse umene unkasiyanitsa nkhope ndi nkhope unali utatha kale.

"Sindikudziwa," anatero ndi mawu osasa.

"Nanenso sindikudziwa," anayankha Fanuwelo, mkwiyo usanathe m'mawu ake. "Musaganize kuti ndabwera chifukwa chokukondani. Ndinakana kawiri m'mawa uno, koma mtima unandikaniza kukhala pansi. Amene anandidzutsa ndi wouma khosi kuposa inu ndi ine."

Pamenepo Yotamu anakumbuka zimene anafuula m'mawa uja. Anapempha manja, ndipo manja anali atabwera, omwewo amene iye anawatemberera zaka zonsezi. Anagwada pamchenga atakumbatira fupa lija, ndipo analira ngati mwana.

Anatola mpaka madontho oyamba a mvula atayamba kugwa. Popeza panalibe wodziwa kuti uyu ndi yani, anakumba dzenje limodzi lalikulu pachitunda, pakati pa dambo ndi mtunda, ndipo anaika onse pamodzi. Fanuwelo anapereka chingwe cha belu kwa Yotamu. "Muimbireni mwanayo, ngakhale mochedwa." Tchalitchi chatsopano chinamangidwa pambali pa manda amenewo, ngakhale kuti alamu awiriwa sanaleke kukangana pa za kumene chitseko chiyang'ane.

Tsopano tabwerera ku funso lathu. Uchi umatha, mthunzi umasuntha, mkaka umasasa, koma fupa limatsala zonse zikawola. Mikangano, maina a magulu ndi zakukhosi zili ngati mnofu. Chimene chimatsala pansi pake ndi chimene Mulungu anachilumikiza ndi chikondi chake chosatopa, ndipo pa Nankhwazi chikondicho sichinadikire kuti anthu ayambe asiya kukwiya. Choncho chopeza chathu ndi ichi: makolo anasankha fupa osati chifukwa ndi lokoma, koma chifukwa ndi lotsiriza kutha. N'chifukwa chake amati, "Chibale ndi fupa, sichiwola."